Kuzindikira Miyala Yakale Yonolera Lumo

Chifukwa chake cha kabuku kano

Pakati pa zipangizo zonse zakuthwa zimene zipezeka pakhomo pa munthu, kuyambira khasu, nkhwangwa ndi chikwanje kufikira mpeni wosendera mbatata, palibe china chofuna mwala wosankhika koposa lumo lopinda lija limene ankameta nalo akuluakulu. Pakuti pamene khasu likhutira ndi mwala uliwonse wa kudambo, ndipo mpeni sukana kunoledwa pakhonde, lumo liyenda pa khungu la munthu wamoyo, ndipo kukhakhala kulikonse kumene mwala walisiyira, tsaya ndilo likumva.

Malumo otere ankasulidwa makamaka ku Sheffield m'dziko la England ndi ku Solingen m'dziko la Germany, ndipo ankasulidwa kuti atumikire munthu moyo wake wonse ndi kutsalira mwana wake. Koma chiyambire 1904, pamene King Gillette analandira chikalata cha umwini wa lezala lake lometera n'kutaya, anthu anayamba kuliiwala lumo, ndipo poliiwala anaiwalanso mwala wake, kotero kuti lero miyala imene ometa akale ankaisunga m'nsalu ili kuchirikiza zitseko, ina ili kunola zikwanje, ina yagona m'mabokosi yokutidwa ndi mafuta akuda. Migodi yambiri kumene inkakumbidwa inatsekedwa kale. Mwala wa m'migodi yotere ukasweka, kupeza wina wofanana nawo n'kovuta. Banja limene lili nawo, likaudziwa ndi kuusamala, lileka kugula malezala mwezi ndi mwezi. Ndipo likafuna kuugulitsa, siliperekanso chinthu chamtengo wapatali pa mtengo wa njerwa.

Kumene miyala yotere ibisala

Miyala tikunenayi siikumbidwa kwathu kuno, koma inadza pamodzi ndi zipangizo zachitsulo za kutsidya kwa nyanja. Amishoni a ku Scotland, amene anayamba ntchito ya Livingstonia mu 1875 ndi ya Blantyre mu 1876, anaphunzitsa achinyamata ukalipentala, ndipo kalipentala sayenda wopanda mwala wake. Masitolo a Mandala ankagulitsa katundu wa ku Britain. Ndiponso amuna obwera ku Joni ndi ku Harare, ndi asilikali obwera kunkhondo, ankafika ndi timasutikesi mmene munali zometera zawo. Yang'anani tsono m'malo awa:

- m'bokosi la zipangizo la kalipentala wakale, kunsi kwenikweni, pansi pa misomali yadzimbiri;
- m'sutikesi kapena m'thumba la katundu wa agogo amene anayenda kunja;
- kwa ometa okalamba ndi osoka nsapato;
- m'misika ya katundu wakale. Abale okhala ku Britain ndiwo ali ndi mwayi woposa pamenepa, chifukwa ingapo mwa miyalayi kwawo n'komweko.

Mwala wa lumo kawirikawiri ukhala waung'ono ndi wowonda, wa mainchesi 5 kufikira 8 m'litali, ndi inchi imodzi kapena ziwiri m'lifupi. Mukaupeza m'kabokosi kathabwa kosemedwa molingana nawo, dziwani kuti mwini wake ankaulemekeza.

Zitatu zoti musachite mutangoupeza

1. Musamatule kapepala kalikonse komatidwa pamwalapo kapena pa bokosi lake, ngakhale kali kong'ambika ndi kosawerengeka bwino, ndipo musakanyowetse. Kapepalako ndiko mboni yokhayo imene inaona kumene mwala unachokera.
2. Musathirepo mafuta. Mwala wa mafuta suvulala ndi madzi, koma mwala wofewa wa madzi ukamwa mafuta, kuwachotsa n'kovuta.
3. Musauyese ndi chikwanje, ndipo musaukhutize pasimenti pofuna kuona mtundu wake. Kuona maso a nkhono n'kudekha.

Kutsuka mwala

Miyala yakale yambiri ifanana: ndi yakuda, yonona ndi yonunkha mafuta. Palibe munthu, ngakhale katswiri, amene angatchule dzina la mwala wotere asanausambitse.

1. Ngati uli m'bokosi, uchotseni mofatsa. Ukakana kutuluka, musauzule ndi mpeni, pakuti ambiri anamatidwa. Utsukeni uli momwemo, kumwamba kokha.
2. Ugwireni m'mbali ndi zala ziwiri, muugogode pang'ono ndi supuni. Mwala wolimba ndi wamphumphu ulira momveka; ukalira mogonthera m'malo ena, mwina muli mng'alu wobisika, ndipo uyenera kugwiridwa mosamala.
3. Utsukeni ndi madzi ofunda, sopo ndi burashi yakale ya mano. Madzi akhale ofunda chabe: owira asungunula guluu wa miyala yomatidwa, ndipo akulitsa ming'alu.
4. Mafuta akakanirira, ndipo mwaona kuti mwalawo ndi wolimba, wopanda kapepala, uviikeni m'palafini usiku umodzi kapena mausiku awiri, kenaka muutsukenso ndi sopo.
5. Uumitseni pamthunzi, osati padzuwa kapena pafupi ndi moto.
6. Muuone kawiri, uli wouma ndi uli wonyowa, panja masana, chifukwa mawanga ndi mizere yambiri ioneka pokhapokha mwala utanyowa.

Kodi ndi wolengedwa kapena wopangidwa?

Funso ili liyenera kuyankhidwa poyamba, chifukwa yambiri mwa miyala imene mudzapeza ndi ya m'fakitale. Mu 1891 Edward Acheson wa ku America anatulukira njira yopangira Carborundum m'ng'anjo yamagetsi, ndipo patapita nthawi kampani ya Norton inafalitsa mwala wake wotchedwa India. Miyala iwiriyi inadzaza misika ya dziko lonse chifukwa inali yotsika mtengo ndi yodya chitsulo msanga. Ndi yabwino ndithu ku mpeni ndi tchizulo, koma ku lumo ndi yaukali.

Wopangidwa udziwika motere: mtundu wake ndi umodzi ponseponse, wopanda mzere, wanga kapena chilema, mchenga wake umveka pa chikhadabo, dontho la madzi lilowa msanga pa mwala wotsukidwa bwino, ndipo nthawi zambiri uli ndi mbali ziwiri, yokhakhala ndi yosalalirapo, zolumikizidwa ndi mzere wowongoka. Carborundum ndi wotuwa moderapo ndipo unyezimira padzuwa. India ndi wofiirira mopita kuchikasu. Mukaona zilembo zodindidwa m'thupi mwenimweni mwa mwala, monga dzina la Swaty pa timiyala tofiirira ta ometa, dziwani kuti unaumbidwa m'chikombole. Komabe timiyala ta ometa timeneti musatitaye, pakuti tinapangidwira lumo lenilenilo, ndipo tikwanira kulitsitsimutsa likayamba kukoka.

Wolengedwa usonyeza mbiri yake m'thupi: mizere ya sowo m'mbali ndi kunsi, mtundu wosinthasintha, timawanga, misempha, ngodya yoperewera, ndipo pena khungu lokhakhala la thanthwe limene unadulidwako. Pobenthuka pake pamanenanso zambiri. Mwala wa mtundu wa sileti ubenthuka m'timapepala topyapyala; mwala wolimba wa ku Arkansas kapena ku Charnwood ubenthuka mozungulira, pamalo pake n'kusiya kadzenje kosalala.

Mayeso atatu a pakhomo

*Matope.* Nyowetsani mwala, mukhutize pakona imodzi ndi kamwala kake kotulutsira matope ngati kalipo, kapena ndi sandipepa wosalala wosaopa madzi. Onani msanga umene matope atulukira ndi mtundu wake. Mwala wofewa upereka matope msanga, wolimba ukaniza. Nunkhizaninso: miyala ya sileti inunkha dothi lonyowa.

*Kuwala.* M'chipinda chamdima, gunditsani tochi m'mphepete mwa mwala. Kuwala kukalowa m'thupi mwake, mwala n'kuyera m'kati, muli ndi mwala wolimba wa ku Arkansas. Miyala ya sileti siilola kuwala ngakhale pang'ono.

*Kulemera.* Yesani mwala wouma, wopanda kapepala, pa sikelo ya magalamu, mulembe. Ikani chidebe cha madzi pa sikelo yomweyo, mulembe kulemera kwake. Kenaka mangani mwala ndi ulusi, muumize wonse m'madzimo osaugunditsa pansi kapena m'mbali, ndipo muone magalamu amene awonjezeka. Gawani kulemera kwa mwala ndi magalamu owonjezekawo. Yeso ili lithandiza makamaka pa miyala ya ku Arkansas, monga tidzaona.

Mitundu imene muyenera kuidziwa

*Coticule wa ku Belgium.* Uwu ukumbidwa m'mapiri a Ardennes, m'dera la Vielsalm ndi Lierneux, ndipo mwa yonse ndiwo wosavuta kuuzindikira. Nkhope yake ndi yachikasu chotumbuluka, pena chopendekera kofiira, pena kobiriwira, ndipo kunsi kwake kuli gawo lina lakuda kapena labuluu wopita kofiirira. Chifukwa chake n'chakuti mwala wachikasuwo upezeka m'thanthwe m'misempha yopyapyala ndi yosachedwa kusweka, kotero kuti odula ankaudula pamodzi ndi mwala wabuluu umene unabadwa nawo, kapena ankaumata pa sileti kuti ulimbe. Yang'anani m'mbali: mitundu iwiriyo ikakumana mokhotakhota, wina kulowerera mwa unzake, ndiye kuti inabadwira pamodzi, ndipo mbali yabuluuyo inolanso, ngakhale mochedwa; koma mzere ukakhala wowongoka, ndi kachizindikiro ka guluu, kunsiko kungakhale chochirikiza chabe. Timizere ndi timadontho takuda pankhope yachikasu si chilema. Ndi chibadwa cha mwalawo.

Mphamvu yake ili m'timiyala tosaoneka ndi maso totchedwa garnet, timene tipanga gawo limodzi mwa magawo atatu a thupi lake, kapena kuposerapo. Timeneti ndi tolimba koposa chitsulo, koma popeza ndi tobulungira, ta nkhope zambiri, tidya chitsulo msanga osasiya mizere yozama. Mukakhutiza mwalawu ndi madzi, matope ake atuluka oyera ngati mkaka wosukuluka, ndipo lumo likangodutsapo kangapo matopewo asanduka otuwa: chimenecho ndi chimodzi mwa zizindikiro zake. Ndi matope okhuthala uwongola lumo lobuntha. Mukamathira madzi dontho ndi dontho, matope n'kumachepa, ntchito yake ifewa. Ndipo ndi madzi okha umaliza. Banja limene lingathe kukhala ndi mwala umodzi wokha, ine ndingalilangize uwu.

*Miyala ya ku Thüringen, m'dziko la Germany.* Iyi ndi ya sileti lofewa, losalala koposa, ndipo mitundu yake ichokera kobiriwira mopita kuchikasu, kudzera kobiriwira motuwa, kufikira kwa buluu woderako. Yambiri ndi yaing'ono, ya mainchesi 5 m'litali ndi inchi imodzi m'lifupi, yomatidwa m'kabokosi kathabwa, ndipo yokulirapo inkagulitsidwa pamodzi ndi kamwala kotulutsira matope. Nkhope yake ilibe mawanga ambiri. Ikanyowa iterera pansi pa chala, ipereka matope msanga, ndipo matopewo akhala otuwa moyererapo kuposa mwini wake. Dzina lotchuka ndi la J. G. Escher & Sohn a ku Sonneberg, amene ankamata chikalata kunsi kwa mwala, ndi kapepala kena kumapeto konena mtundu wake. Pano mpofunika chilungamo: mwala wa ku Thüringen wopanda chikalata sungatchedwe Escher, ngakhale unole bwino chotani, ndipo wogula amene alipira mtengo wa Escher pa mwala wosalembedwa walipira mawu a wogulitsa. Ntchito yake ndi kumaliza kokha. Lumo lobuntha mungalikoke pamenepo tsiku lonse osapindula kanthu. Koma lumo lakuthwa kale lichokapo lofatsa pakhungu. Mafuta asayandikire.

*Miyala ya ku Britain.* Charnley Forest unkakumbidwa m'nkhalango ya Charnwood ku Leicestershire, makamaka pa Whittle Hill. Ndi wobiriwira motuwa, wokhala ndi mizere kapena madontho ofiira, wolimba, wosapereka matope, ndipo nthawi zambiri upezeka wautali, wowonda, wosalingana kunsi, wokhazikidwa m'bokosi la kalipentala. Unola mochedwa zedi, ndi mafuta opepuka, koma umaliza bwino. Wofanana nawo ndi wa ku Llyn Idwal m'mapiri a kumpoto kwa Wales, umene ukhala ndi timadontho toderako m'malo mwa mizere yofiira. Ndipo iwiriyi isokoneza ngakhale odziwa. Ku Wales komweko kuchokeranso miyala ya sileti, yotuwa kapena yofiirira. Ku Scotland, m'mbali mwa mtsinje wa Ayr pafupi ndi Stair, kunkachokera Tam o' Shanter, wotuwa ndi wa timawangamawanga thupi lonse, umene uchotsa mizere ya mwala wokhakhala koma sumaliza kwenikweni, ndi Water of Ayr, woderapo ndi wosalala kuposa mnzakeyo.

*Miyala ya ku Arkansas, ku America.* Ikumbidwa m'mapiri a Ouachita, pafupi ndi Hot Springs, ndipo yakale yambiri ili ndi chikalata cha Pike, kapena cha Norton, imene inagula kampani ya Pike mu 1932. Washita ndi wopepuka, womwa mafuta, woyera kapena wamawanga ukatsukidwa. Pa yeso la kulemera upereka nambala yosapitirira 2.25 kwenikweni, ngakhale mafuta akale angaikweze pang'ono. Ndi mwala wokoma wa kalipentala, wokhoza kuyamba ntchito pa lumo koma osati kuimaliza. Womalizira ndi wolimba uja, woyera molola kuwala kapena wakuda bii, umene upereka 2.5 kapena kuposa, ndipo pansi pa chala umveka ngati sungadye kanthu.

*Ina.* Mwala wotchedwa Turkey, umene wambiri unkachokera pa chilumba cha Crete, ndi wakuda motuwa, wodzala ming'alu ndi misempha yoyera, ndipo usweka msanga; pa lumo ngwokayikitsa, chifukwa timiyala take tikhoza kuthothoka. Miyala ya ku Japan, ya m'mapiri ozungulira Kyoto, monga Nakayama ndi Ozuku, ikhala yachikasu kapena yotuwa, ya khungu lofiirira kunsi ndi zidindo za inki pankhope. Ndi yabwino kwambiri, koma zidindo zake zimaberedwa, ndipo chikomekome cha mkuyu m'kati muli nyerere. Mwala wotuwa wa ku Guangxi m'dziko la China, ndi Zulu Grey wa ku South Africa, ndi ya malonda a masiku ano, ndipo wina asakuuzeni kuti ndi yamakedzana.

Nanga miyala ya m'mitsinje yathu? Osula akale ankasula malumo awo, ndipo ankawanola pa miyala ya kwathu konkuno. Yambiri ili ndi mchenga waukulu wosayenera chitsulo chopyapyala cha lumo lopinda. Koma mukapeza wosalala, wa thupi limodzi, palibe choletsa kuuyesa monga tifotokozera m'munsimu.

Kusalaza mwala

Mwala umene wagwira ntchito zaka zambiri ukumbika pakati, ndipo lumo silinoleka pa mwala wokumbika.

1. Pezani galasi lochindikala, muyalepo sandipepa wosaopa madzi wa nambala 220, mumunyowetse kuti amatirire.
2. Jambulani mizere yopingasana ndi pensulo pankhope yonse ya mwala.
3. Khutizani mwala chafufumimba pa sandipepayo, mozungulira, mukutembenuza mutu wake kawirikawiri ndi kuthira madzi.
4. Mizere yonse ya pensulo ikafufutika, jambulaninso, mubwereze pa nambala 400, kenaka 600 kapena kuposa.
5. Sadzulani pang'ono m'mphepete monse kuti ngodya zisakhale zakuthwa, pakuti ngodya yakuthwa ibenthula lumo.

Coticule ndi miyala ya ku Thüringen isalala m'kanthawi kochepa, ndipo muyenera kuleka msanga kuti musataye mwala pachabe. Charnley Forest ndi Arkansas wolimba zidzakutengerani madzulo angapo ndi mapepala ambiri. Musataye mtima, ndipo mukamaliza mukhutizepo kumsana kwa tchizulo ndi mafuta kufikira nkhope yake itayamba kunyezimira, chifukwa mwala wotere ukangochoka pa sandipepa ukhala waukali kuposa chibadwa chake.

Kuyesa ndi chitsulo

Zonse tanenazi, mtundu, matope, chikalata ndi bokosi, ndi mboni chabe. Woweruza mlandu ndi chitsulo. Pakuti miyala iwiri yodulidwa m'mgodi umodzi ikhoza kusiyana ntchito, ndipo mwala wopanda dzina umene umeta bwino uposa wa dzina lomveka umene ukanda. Chifukwa chake munthu asakhumudwe ngati, atachita zonse, sanathe kuutchula dzina, malinga adziwe ntchito imene uyenera.

1. Yambani ndi chitsulo chopanda ntchito, monga mpeni wakale kapena kumsana kwa tchizulo. Khutizani kakhumi kapena kawiri kotero pa mwala wonyowa.
2. Mverani ndi khutu ndi dzanja. Mwala wokhakhala ulira mokwecha, wosalala ungonong'ona. Mukamva kugunda pamalo amodzi nthawi zonse, pali kamwala kolimba kobisika, ndipo mwalawo suyenera lumo kufikira kameneko katachotsedwa.
3. Pukutani chitsulo, muchione padzuwa, ndi galasi lokulitsa zinthu ngati muli nalo. Mizere yooneka ndi maso itanthauza mwala woyambira. Chifunga chopanda mizere, mwala wapakati. Kunyezimira, mwala womalizira.
4. Mwala ukapambana apa, tengani lumo limene limeta kale. Ligonekeni lonse, msana ndi mbali yakuthwa zonse zikhudze mwala. Msana usadzuke ngakhale kamodzi, pakuti ndiwo usunga kupendekeka koyenera.
5. Likankheni mbali yakuthwa ili patsogolo, mopingasa pang'ono kuti liyambire kuchidendene ndi kuthera kunsonga. Pofika kumapeto litembenuzireni pamsana, osati pa mbali yakuthwa, ndi kubwerera chimodzimodzi.
6. Musakanikize, kulemera kwa lumo lokha kukwanira. Pa mwala wofewa pitani ndi kubwera ka 30 kufikira ka 50. Pa wolimba, ka 100 kapena kuposa.
7. Pofuna kudziwa ngati mwala ukukhudza ponse, detsani m'mphepete mwa lumo ndi cholembera cha inki chija alembera pa makatoni, mukoke kawiri katatu, muone pamene inki yatsalira.
8. Tsukani, pukutani, ndipo likokeni pa lamba wachikopa wosalala ka 40 kapena ka 50, tsopano msana uli patsogolo.
9. Yesani pa ubweya wa pamkono, lumo lili m'mwamba pang'ono osakhudza khungu. Likamadula ubweya pakati, metani nalo tsaya limodzi. Likameta mofatsa kuposa kale, mwalawo ndi womalizira. Likakoka kapena kuwotcha khungu, ndi wapakati, ndipo malo ake ndi patsogolo pa wina wosalala.

Machenjezo

- Lumo limodzi, munthu mmodzi. Kachilombo ka HIV ndi ka matenda a chiwindi a mtundu wa B tiyenda m'magazi, ndipo lumo licheka ngakhale pamene diso silinaone. Ichi chikumbukiridwe makamaka pa kumeta kwa maliro ndi pa miyambo ina pamene anthu ambiri ametedwa tsiku limodzi: kumeneko aliyense akhale ndi lezala lake latsopano. Kunola lumo pa mwala sikupha tizilombo.
- Lumo lakale logula kapena lotola litsukidwe ndi sopo, lichotsedwe dzimbiri, ndi kupukutidwa ndi sipiriti musanaligwiritse ntchito. La dzimbiri lofika kumbali yakuthwa, kapena la mng'alu, lisamete munthu.
- Musasalaze mwala uli wouma. Fumbi la miyala imeneyi livulaza mapapo, ndipo madzi ndiwo aligwira.
- Lumo likapulumuka m'manja, lisiyeni ligwe, musaliwakhe.
- Nolani mutakhala pansi, mwala uli pa nsalu yonyowa patebulo, ana ali kutali. Palafini akhale kutali ndi moto.

Zolakwa zofala

Choyamba ndi kuweruza ndi mtundu wokha. Miyala yotuwa ndi yobiriwira ilipo yambirimbiri, ndipo si sileti lililonse lobiriwira limene linachokera ku Thüringen, kapena mwala uliwonse wa mbali ziwiri umene uli Coticule. Mboni zikhale zitatu kapena zinayi zogwirizana musanatchule dzina. Chofanana nacho ndi kukhulupirira bokosi, poiwala kuti mwala ukasweka, mmisiri ankaika wina m'bokosi lomwelo.

Chachiwiri ndi kufuna kuti mwala womalizira ugwire ntchito ya woyambira. Lumo lobuntha kapena lobenthuka liyambe pa mwala wodya chitsulo, monga Washita kapena Coticule wa matope okhuthala, kufikira mbali zake ziwiri zitakumana bwino kuyambira kuchidendene mpaka kunsonga. Ndipo pokhapo lipite pa wosalala. Ambiri amene anena kuti mwala wawo ndi wachabe analumpha khwerero limeneli.

Chachitatu ndi kumaliza pa matope okhuthala, amene agunda mbali yakuthwa ndi kuibunthitsa pang'ono. Matope achepe pang'onopang'ono kufikira patsale madzi oyera.

Chachinayi ndi kuthira mafuta ophikira pa mwala wa mafuta. Amenewa auma, achita ulimbo, ndi kutseka mwala. Thirani mafuta a makina osokera, okha kapena osakaniza ndi palafini pang'ono. Ndipo pa mwala wolimba madzi a sopo agwiranso ntchito.

Chachisanu ndi kubwereketsa. Mnansi akadza kudzapempha mwala woti anolere mpeni wophera mbuzi, m'patseni wa Carborundum ndi mtima woyera, koma wa lumo ukhale m'nyumba, pakuti nsonga ya mpeni ikumba ngalande imene idzakutayitsani theka la mwala poisalaza. Ndipo musagulitse mwala wa chikalata musanafunse anthu awiri kapena atatu odziwa mitengo yake. Safunsa anadya phula.

Kasungidwe

Mukatha ntchito tsukani matope onse, pakuti akaumira pamwala alimba ndipo adzakanda lumo ulendo wotsatira. Mwala wa madzi uume pamthunzi tsiku lathunthu musanautsekere m'bokosi, ndipo usasiyidwe m'madzi usiku wonse, makamaka womatidwa pa sileti kapena wa ku Japan. Wa mafuta upukutidwe ndi kansalu ndi kuvundikiridwa kuti fumbi lisaugwere. Chikalata chikayamba kumatuka, chijambuleni ndi foni, ndipo pochita ntchito muzigwira mwala mosanyowetsa kunsi kwake. Lembani pa kapepala dzina la mwala ngati mwalidziwa, kumene munaupeza, ngati ndi wa madzi kapena wa mafuta, ndi ntchito imene uyenera, ndipo kapepalako mukaike m'bokosi momwemo, pamalo ouma, pa shelefu yosafikira ana.